Njerwa Zitatu za pa Nsomba

Siyani kaye mtedzawo. Iwe Tereza, tenga mlongo wakoyo mukasambe m'manja, ndipo mukasamba mupukute. Ndati mupukute, Lazaro, osati kukutumula manja ngati bakha wochokera kudambo. Pukuta ndi nsalu mpaka pakati pa zala. Chimene ndikufuna kukuonetsani lero chimaopa madzi kuposa mchere.

Mwakhala mukundifunsa za chikwama chachikopa ichi, chimene ndimasungiramo makalata a ubatizo. Ndinamva kuti iwe Lazaro unauza anzako kusukulu kuti muli ndalama za nthawi ya atsamunda. Mulibe ndalama, mwana iwe. Muli pepala limodzi lojambulidwa ndi atate anu, Dominiko, mwana wanga woyamba. Ndizimutchula dzina, popeza kwa ine anali mwana. Anasiya mapepala ambiri, koma latsala limodzi, ndipo ndisanalitulutse muyenera kumva chifukwa chake. Agogo anu aakazi akuchidziwa, amayi anunso akuchidziwa, koma onse akhala chete zaka zisanu ndi ziwirizi pondisungira ulemu. Ulemu umenewo wandilemera.

Mukamapita ku Misa mumadutsa pabwalo la pakati pa tchalitchi ndi sukulu, paja amayi amagulitsa zitumbuwa. Inu mumangoona fumbi. Pamenepo kale panali chitsime chomangidwa, chozungulira ngati nkhokwe, chofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Pakati pake panali mzati wa njerwa, pamwamba pa mzatiwo nsomba yosema pamwala, yoyasama kukamwa. Madzi ankatuluka m'kamwa mwa nsombayo osalekeza, n'kumagwera m'chitsimemo. Munalibe injini. Ankachokera ku kasupe wa m'phiri, n'kutsika okha m'mipope yachitsulo. Anthu ankangopatchula kuti pa Nsomba. Mnyamata akafuna kuonana ndi mtsikana ankati, “Tikumane pa Nsomba Misa ikatha.” Musaseke. Mukafunse agogo anu aakazi kuti iwo anakumana ndi yani pamenepo, muone ngati sakuthamangitsani ndi mthiko.

Anamanga chitsimecho ndi Bulaza wina wa pa mishoni wochokera kutsidya la nyanja, amene tinkamutcha Bulaza Chingwe chifukwa m'thumba mwake simunkasowa chingwe choongolera khoma. Ndi iye amene anandiphunzitsa kumanga. Masiku amenewo simenti sitinkaidziwa. Tinkamangira laimu wosakaniza ndi mchenga, ndipo laimuyo tinkakamutenga pangolo, ulendo wa masiku awiri, kamba wathu chimanga chokazinga ndi chimphonde cha mtedza chokulunga m'masamba a nthochi. Inu lero mukakwera minibasi kupita m'tauni ya Chipata mumafika mukudandaula msana. Ife tinkabwera titayera mbuu ngati mizukwa, maso ali psuu, koma tikuimba. Zida zathu zinali mpeni womangira, chikombole cha njerwa, chingwe ndi diso. Bulaza ankati levulo yoyezera khoma ndi ya anthu amene sakhulupirira maso amene Mulungu anawapatsa, ngakhale iye mwini anali nayo m'nyumba mwake, yobisa.

Chaka china ngolo ya thonje inabwerera m'mbuyo n'kugumula mlomo wa chitsimecho, mbali yoyang'ana kusukulu. Bulaza anali atakalamba, manja akunjenjemera. Anandiitana nati, “Sitefano, konza iwe.” Imeneyo inali ntchito yanga yoyamba kugwira ndekha. Njerwa zakale zinali zofiira kwambiri, za dothi la kudambo, koma ine ndinali ndi zanga zokha za dothi la pachulu, zotuwa ngati mkate. Ndinaikapo zitatu. Sizinafanane ndi zinzake, ndipo pansi pa yapakati ndinachulutsa laimu chifukwa dzanja linkanjenjemera ndi mantha. Bulaza anabwera, anagogoda ndi chala, anachoka osanena kanthu. Kwa iye kumeneko kunali kuyamika. Dominiko panthawiyo anali wamng'ono kuposa iwe Lazaro. Anakhala pamchenga tsiku lonse akundiyang'ana, ndipo nditamaliza ndinamunyamula kuti amwe m'kamwa mwa nsomba. Patapita zaka ndere zinakwirira njerwa zitatuzo. Anthu anaiwala, inenso ndinaiwala.

Dominiko anakula ndi pensulo m'manja. Anapita ku Migodi, n'kupeza ntchito mu ofesi yojambula mapulani a nyumba. Ndinkanyada. Ndinkauza anthu kuti tate amamanga ndi njerwa, mwana amamanga ndi pensulo. Kenaka zinthu zinatembenuka, makampani anayamba kutsekedwa, anthu n'kumabwerera kumidzi ndi masutukesi. Iyenso anabwera, pamodzi ndi amayi anu, iwe Tereza uli ndi magweru, iwe Lazaro uli kumbuyo. Anabwera ndi chifuwa chosatha, ndi lamba amene anali atabowola mabowo atsopano ndi msomali. Tonse tinaona, koma palibe anatchula kanthu. Anabweranso ndi kabokosi kachitsulo, kosalala, kokwana m'thumba la jekete. Mkati mwake munali timiyala ta utoto tamitundumitundu, tondandalikidwa ngati maswiti. Utoto umenewo sufuna mafuta kapena palafini ngati penti wa zitseko. Umangonyowetsa kabulashi m'madzi, n'kukhudza kamwalako, utoto wadzuka.

Chimenecho chinali chaka cha chilala chachikulu, chimene anthu amachikumbukira ndi chimanga chachikasu cha thandizo. Chimanga chathu chinapsa chili ndi ngayaye. Anthu ankaphika mango aawisi, madeya amene tinkapatsa nkhumba anasanduka chakudya cha ana. Nsomba inali itauma kale izi zisanachitike, chifukwa mitengo ya m'phiri inatha ndi makala ndipo mipope inadyeka ndi dzimbiri. Chaka chimenecho m'chitsimemo munkagona mbuzi. Amayi ankapanga mzere pa mjigo mpaka dzuwa kufika pamutu kuti apeze ndowa imodzi.

Ndiye taganizani. M'chaka choterocho, m'mawa uliwonse mwana wanga ankanyamula kampando, kabokosi kake ndi kabotolo ka madzi, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuyang'anizana ndi chitsime chouma. Pamene anali ndi mphamvu ankapalasanso njinga kupita m'tauni kukajambula makonde a masitolo akale a Amwenye ndi masitepe a nyumba zakale za boma. Anajambula nsanja ya belu ya tchalitchi chathu, anajambula zitseko zopindika pamwamba za sukulu yakale. Koma kwambiri ankajambula Nsomba, m'mawa, masana, mbali iyi, mbali iyo.

Ine nthawi imeneyo ndinali wapampando wa ntchito zomanga pa parishi, ndiponso ndinkawerenga Mawu ndi zilengezo pa Misa. Anthu sankandiuza pamaso, koma makutu a munthu amatola. “Mwana wa a Sitefano, wa mapulani uja, akusewera ndi utoto ngati wa Giredi Wanu.” Wina n'kuwonjezera, “Madzi akusowa akumwa, iye akumwetsa pepala.” Kanali kabotolo kakang'ono, kosakwana n'komwe kusukusula m'maso. Koma mawuwo anandilowa ngati minga ya chisoso.

Tsiku lina masana anandipeza pakhonde lomwe lino ndikunola mpeni wanga womangira. Anandiyandikizira pepala.

“Atate, taonani. Ndamaliza ya mbali ya kutchalitchi.”

Ndinaponyako diso kamodzi kokha. Ndinaona madzi akutuluka m'kamwa mwa nsomba, akugwa, akuthovoka.

Ndinamufunsa kuti, “Madzi awa ali kuti? Ine ndadutsa pomwepo m'mawa, ndaona ndowe za mbuzi. Munthu wobatizidwa sachitira umboni chinthu chimene kulibe.”

Anaseka pang'ono, chifuwa n'kumudula. “Atate, madziwo sindinawapake utoto. Pamenepo ndangosiya pepala loyera. Ndapaka zozungulira zokha.”

“Ndiye bodza lako ndi laulesi,” ndinatero, n'kupitiriza kunola.

Agogo anu aakazi anali pomwepo akupeta madeya. Anaika lichero pansi. “Atate ake a Dominiko, kuyang'ana chabe kumakudyerani chiyani? Maso amalipiritsa?”

Ndinali ndi mavesi ambiri m'mutu onena za ulesi, za nyerere, za munthu wosagwira ntchito, ndipo ndinkawadziwa bwino lomwe. Mdani wathu nayenso amawadziwa Malemba, ana inu, ndipo amadziwa kukusankhira vesi logwirizana ndi kuuma mtima kwako.

Kenaka kunabwera uthenga wakuti chimanga cha thandizo chidzafikira pa mishoni, ndipo tikonze nyumba yosungiramo. Kuumba njerwa kunali kosatheka, madzi oponderapo dothi akanachokera kuti? Tinakhala pansi akuluakulu a mpingo, ndipo amene anatchula Nsomba ndine. Palibe anandikakamiza. Ndinkadziwa chinsinsi cha ntchito ya Bulaza: njerwa yomangira laimu ukaigogoda bwino imachoka yathunthu, pamene ya simenti imasweka. Onse anavomera. Anthu anali ndi njala, chitsime chinali chouma, nzeru imeneyo sinali yoipa. Ngakhale lero sindinena kuti inali yoipa.

Lamulungu Misa itatha ndinaimirira kutsogolo n'kulengeza kuti Lachinayi mphakati uliwonse utumize amuna ndi nyundo, tikagumule Nsomba. Potuluka ndinapeza Dominiko akundidikira pakhomo, atatsamira khoma.

“Atate, ndipempheko kanthu.”

“Nena.”

“Yatsala mbali imodzi, yoyang'ana kusukulu. Dzuwa limaigunda bwino m'mawa wokha, ndipo ine masiku ano sinditha kukhala nthawi yaitali. Mundipatseko sabata imodzi. Mugumule Lachinayi linalo.”

“Zalengezedwa,” ndinatero.

“Mutha kuyamba ndi maziko, Atate. Maziko okha ndi ntchito ya sabata. Mapulani ndimawadziwa.”

“Zalengezedwa pamaso pa guwa. Ukufuna ndikaimirirenso ndikanene kuti anthu anjala adikire mwana wanga amalize kupenta?”

Anayang'ana pansi nati, “Chabwino, Atate.”

Muyenera kumvetsa mmene tinkachitira. Kwathu kuno chinthu chikalengezedwa m'tchalitchi sichisinthidwa chisawawa, chifukwa anthu amachokera kutali wapansi, ena kumalire ndi Kasenengwa, ndipo ukasintha kamodzi mawa sakukhulupiriranso. Mwambo umenewo ndi wabwino. Koma ine ndinabisala kumbuyo kwake ngati mwana wobisala kumbuyo kwa chitenje cha amake. Anthu omwewo, ndi Lachinayi lomwelo, akanatha kukumba maziko. Mwanayo ankanena zoona, ndipo mmisiri amene anali mwa ine ankadziwa. Chimene ndinkaopa si njala ya anthu. Ndinkaopa pakamwa pawo.

Anajambula Lolemba, anajambula Lachiwiri. Lachitatu chifuwa chinamugwira, sanadzuke mpaka dzuwa litapendeka. Lachinayi anadzikoka ndi kampando kake, n'kukhala pansi pa mango paja, manja ali pamaondo, opanda pepala. Tinagumula iye akuona. Nsomba yamwalayo ndinaitsitsa ndi manja angawa, ndinaiika kuseri kwa tchalitchi, ndipo mpaka lero sindidziwa amene anaitola. Dzuwa lisanapendeke pabwalopo panali mulu wa njerwa ndi dzenje.

Mukudziwa kuti muluwo unakhala nthawi yaitali bwanji? Masabata asanu, osakhudzidwa, tikukumba maziko ndi kudikira malata. Lole ya chimanga inabwera mochedwa kuposa pamenepo. Ndipo njerwa za Nsomba sizinakwane ngakhale khoma limodzi, tinachita kukapempha zina kwa mlimi wina wa ku Chipangali amene anali ndi uvuni wosaphwasula.

Dominiko sanandidandaulire. Anatsuka timabulashi take, anatiyanika padzuwa, anatseka kabokosi. Sanajambulenso. Tinkadya mbale imodzi, ankandipatsa moni m'mawa uliwonse, ankayankha korona ndi mawu ake otsika. Ine ndinkati nkhaniyo yatha. Anatisiya masana ena, tsiku limene kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija imene imazima moto wa kutchire. Fungo la dothi lonyowa linalowa m'nyumba iye akupuma komaliza.

Tsopano ndafika povuta. Lazaro, siya kukanda mphasa, umve.

Titaika maliro, linafika tsiku lometa, tsiku limene abale amameta tsitsi ndipo katundu wa malemu amatulutsidwa pabwalo kuti ayeretsedwe asanagawidwe. Pa mwambo wathu tsiku limenelo mawu aakulu amakhala ndi atsibweni a malemu, mlongo wa amayi ake. Amenewo anali alamu anga a Gelevazio, mukuwadziwa, aja amabwera ndi nzimbe pa Khirisimasi. Iwo anabwera ndi nsupa ya mankhwala ochokera kwa sing'anga, akuti awaze pa katundu yense kuti mzimu wa malemu usatsatire zinthu zake.

Ndinaimirira. “Alamu, pakhomo pano nsupa sizilowa.”

“Mwanayu ndi wa kwathu, alamu. Inu munangobereka.”

“Mwanayu anabatizidwa. Mwini wake si inu, si ine.”

“Ndiye katunduyu apite kwa anthu osayeretsedwa? Ana awa akayamba kudwala mudzayankha ndinu?”

Ankanena za inu awiri. Anthu anayamba kung'ung'udza, ena mbali yawo, ena mbali yanga. Pamapeto tinagwirizana kuti nsupa ibwerere m'thumba, ine ndiwaze madzi odalitsidwa. Ndinali nawo m'kabotolo, a pa Pasaka. Ndinawathira m'beseni, n'kuwonjezera a pa mjigo monga timachitira, ndinathyola kanthambi ka mango ka masamba ambiri.

A Gelevazio anasuzumira m'besenimo. “Timadzi timeneti tili ndi mphamvu? Paja mwambo umati chinthu chilichonse chikhudzidwe pachokha. Chotsala chouma ndiye kuti sichinayere.”

“Chilichonse chikhudzidwa,” ndinatero. “Tsegulani zonse.”

Amayi a m'mudzi anayala zovala pamphasa, nsapato, lamba uja, bulangete. Kenaka anatulutsa chikwama cha mapepala, n'kuwayala limodzilimodzi kuti lililonse likhudzidwe. Anadzaza mphasa ziwiri. Amayi anu anali atakhala pakhomo la nyumba, mutu wometa, atazunguliridwa ndi amayi anzawo. Wamasiye tsiku limenelo salankhula, ndiponso mkamwana sakweza mawu kwa apongozi ake aamuna. Komabe ndinamva akufuula kamodzi, “Apongozi!” Ine ndinayesa ndi kulira kwa maliro.

Ndinaviika nthambi ija, ndinayamba kupemphera mokweza, ndinawaza. Sindinawaze ngati wodalitsa, ndinawaza ngati wozima moto. Maso anga sanali pa mphasa, anali pa a Gelevazio, kuti aone kuti madzi a Mulungu wanga sachepa. Ndinaviika kachiwiri, kachitatu, ndinayenda kuchokera uku kufika uko, mpaka beseni linauma.

Ndinati Amen. Ndinayang'ana pansi. Nsanja ya belu inali ikusungunuka. Kufiira kwa njerwa kunkayenderera kulowa m'thambo, makonde a m'tauni anasanduka matope. Utoto umene umadzuka ndi madzi umadzukanso ukakumana ndi madzi, ngakhale utauma kale. Ine mmisiri, wodziwa laimu ndi mchenga, zimenezo sindinkazidziwa, chifukwa sindinafunsepo. Amayi ena mwachifundo anathamangira kupukuta ndi zitenje, ndipo m'pamene zinatheratu. Ena anawasonkhanitsa ali onyowa, n'kumatirirana kukhala chibuma chimodzi.

A Gelevazio anandiyandikira, analankhula motsitsa kuti ena asamve. “Alamu, mankhwala athu aja timangodontheza pang'ono.”

Sanatero monyoza, nawonso misozi inali m'maso. Tsiku limenelo ndi limene ndinayang'anitsitsa ntchito ya mwana wanga kwa nthawi yoyamba, pamene inali kutha.

Ndinapita kukalapa. Bambo mfumu anandiuza kuti kuononga pepala mosadziwa si tchimo. Ndinati, “Bambo, sindikulapa za pepala.” Ndi kangati ndinawerenga pamaso pa mpingo za tate uja amene anaona mwana wake akali patali, n'kuthamanga kukamukumbatira? Uja anali mwana wolowerera. Wanga sanalowerere, anangondiyandikizira pepala pakhonde, ndipo ine sindinatembenuze ngakhale khosi. Ndinawerenganso za amisiri a chihema cha m'chipululu, amene Mulungu mwini anawadzaza ndi Mzimu wake kuti adziwe kusema ndi kusakaniza mitundu. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga ine, anthu n'kuyankha kuti tithokoze Mulungu, ine osamva.

Panapita chaka. Mvula inagwa bwino, tinakolola, mtedza unadzaza pabwalo ngati lero lino. Tsiku lina agogo anu aakazi anandipeza pakhonde, anagwada, ali ndi kanthu kokulunga m'nsalu yoyera.

“Atate ake a Dominiko, mtima wanu wazizira?”

Ndinati, “Bwanji, anaBanda?”

“Tsiku lija munagumula Nsomba, mwanayo anandipatsa ichi. Anati, ‘Amayi, mudzawapatse atate mtima wawo ukadzazizira.’ Ndinachiika pansi pa bokosi la zovala zanga. Ndakhala ndikukuyang'anani.”

N'chifukwa chake linapulumuka. Silinali m'chikwama chija. Ndi ili. Senderani pafupi, koma musapumirepo kwambiri.

Mwaona kuti ndi losamaliza. Mbali iyi ya kumanja kuli mizere ya pensulo yokha, mchira wa nsomba ulibe utoto, tchalitchi kumbuyoku ndi mthunzi chabe. Apa ndi pamene Lachitatu lija linamulanda. Koma yang'anani kumanzere. Iwe Tereza, njerwazi ndi za mtundu wanji? Zofiira? Yang'ananso. Iyi ndi yofiira, iyi ikupita ku chikasu, iyi yapsa m'mphepete chifukwa inali pafupi ndi moto mu uvuni. Palibe ziwiri zofanana, monganso pakhoma lenileni. Munthu wosadziwa akanapaka zonse kamodzi ngati wopaka chitseko. Onaninso mthunzi wa mzatiwu. Ine ndinkayesa mthunzi ndi wakuda, koma iye waupaka wobiriwira ngati thambo, ndipo kuyambira pamenepo ndikayang'ana mithunzi ya m'mawa ndimaona kuti ankanena zoona. Ndinakhala m'dziko zaka makumi asanu ndi limodzi osadziwa mtundu wa mthunzi.

Madzi ndi awa. Lazaro, loza ndi diso, osati ndi chala. Palibe utoto pamenepo, ndi pepala lokha, monga anandiuzira. Anayenera kudziwa kumene madzi adzadutse asanayambe n'komwe kupaka, n'kuwasiyira njira, chifukwa utoto umenewu ukalakwitsa sufufutika. Ine ndinachitcha ulesi. Sanajambule bodza. Anajambula madzi amene anamwa ali m'manja mwanga.

Tsopano tsikani ndi maso mpaka pa mlomo wa chitsime, apa. Mukuona chiyani? Eya, werenga, Lazaro. Imodzi, ziwiri, zitatu. Njerwa zitatu zotuwa ngati mkate pakati pa zofiira. Ndipo pansi pa yapakati, mzere woyerawu ndi wonenepa kuposa inzake. Ndi laimu uja ndinachulutsa dzanja likunjenjemera. Pa chitsime chenicheni zimenezi sizinkaoneka, zinali pansi pa ndere zouma. Kaya anakapala nderezo ndi chikhadabo, kaya anazisunga m'mutu kuyambira tsiku lija anakhala pamchenga, sindidziwa, ndipo amene ndikanamufunsa kulibe. Koma onani kuti pa pepala lonseli palibe malo amene anawasamala ngati amenewa. Anayambira pamenepa. Mbali imene anaisunga kuti ikhale yomaliza, imene anandipempha sabata imodzi, inali mbali ya ntchito yanga. Ndipo Lachinayi lija njerwa zitatuzo ndinazigogoda ndekha, n'kuziponya pamulu osazizindikira, iye ali pansi pa mango akuona.

Mulungu ndi wachifundo, ndikukhulupirira kuti anandikhululukira, ndipo mwanayo sakanasiya pepalali akanakhala kuti anandisungira mkwiyo. Koma kukhululukidwa sikubweza Lachinayi. Nyumba ya chimanga ija lero amasungiramo mabenchi othyoka.

Pepalali ndi lanu, si langa. Ndalisunga ine chifukwa munali aang'ono, manja anu ankakhala a mango nthawi zonse. Iwe Tereza ndamva kuti umajambula kumbuyo kwa makope ako, ndipo umabisa ndikamadutsa. Usabise. Kabokosi kachitsulo kaja kali ndi amayi ako, timiyala ta utoto tikadalimo, ukawapemphe. Ukajambula ubwere nacho, ndidzaika pansi chilichonse chimene chili m'manja mwanga. Koma ili usadzalimalize. Likhale mmene lililimu, kuti mbali yopanda utotoyi izinena zimene ndinachita.

Chinthu chimodzi ndikupemphani. Tsiku lometa langa likadzafika, adzatulutsa katundu wanga pamphasa, chikwama ichi chili pomwepo. Padzaimirira munthu wina wachangu pa za Mulungu, beseni m'manja, nthambi ya mango m'dzanja linalo. Anthu otero sasowa, ine ndikuwadziwa bwino. Musadzadikire kuti wamkulu akupatseni chilolezo cholankhula. Pepalali mudzakhale mutalichotsa kale.

Lazaro, ndionetse manja. Tembenuza. Chabwino, auma. Gwira m'mphepete umu, iwe Tereza ugwire uko. Litengeni kwa ine, ana inu, mulitalikitse pang'ono. Maso anga masiku ano sakhulupirika, angadonthezepo.